Kusala kudya masiku atatu kuti thupi lichepe: ndipitirize kapena ndisiye?

Mayi wa ku Area 25 analemba:

Moni nonse muno. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa kofunsa. Kunyumba ndikangoyamba nkhaniyi bambo a ana amangoti "tadzidyani inu", ndipo ku gulu lathu la WhatsApp ndikafunsa amati ndayamba kufooka. Ndiye ndati ndibwere kuno, paja safunsa adadya phula.

Ndili ndi zaka 34, ana awiri, ndipo ndimagwira ntchito ya mu ofesi ku Old Town, yokhala pampando kuyambira m'mawa mpaka 5 koloko. Kutalika kwanga ndi mamita 1.6. Mu Julayi sikelo ya ku kiliniki inaonetsa makilogalamu 94. Thupi limeneli linabwera ndi mimba yachiwiri ndipo silinachokenso. BP nayo inayambira pomwepo, moti mpaka lero ndimamwa kapiritsi kamodzi m'mawa uliwonse, kaja amati HCT.

Mng'ono wanga akukwatiwa mu Disembala. Tsiku lomwe tinapita kukayezetsa yunifolomu ya akuchikazi, telala anandizunguliza tepi m'chiuno, nkutchula nambala mokweza pamaso pa azilamu anga onse, kenako nkuti nsalu yanga iwonjezedwe mita imodzi. Palibe anaseka, koma mu minibasi pobwerera ndinangoyang'ana pawindo njira yonse kuti anthu asaone misozi.

Mnzanga wa kuntchito ndiye anandilowetsa mu gulu la fasting. Tinayamba ndi ija amati 16:8, kudya mkati mwa maola 8 okha, maola 16 enawo osalawa kanthu. Imeneyo sinandivute, ndinkangosiya tiyi wa m'mawa. Kenako tinapita pa OMAD, kudya kamodzi patsiku. Pano tili pa maola 72: kudya Lamlungu madzulo nkudzadyanso Lachitatu madzulo, pakatipo madzi ndi tiyi wopanda shuga basi. Sabata yamawa admin wati tikwere pa dry fasting ya maola 48, osamwa ngakhale madzi, akuti imeneyo ndiye imasungunula mafuta kuposa zonse. Kuguluko amakonda kutumiza nkhani ya bambo wina wa ku Scotland, Angus Barbieri, amene anatha chaka chathunthu osadya, nkumati ngati iyeyo anakwanitsa, masiku atatu nchiyani.

Sikelo yatsika ndithu, sindinama. Ndili pa 86. Siketi yomwe ndinaiika pansi pa sutikesi kalekale yayamba kulowa. Koma pali zimene zikundichitikira zomwe zikundiopsa.

Ndikadzuka pampando m'maso mumada bii, ndimayamba ndagwira tebulo kaye. Lachiwiri lapitali ndili ku depoti kudikira minibasi ya ku 25, dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, makutu anayamba kulira, thukuta lozizira kuyenderera kumsana. Ndinakhala pansi pambali pa mayi wogulitsa nthochi, iwo nkumandikupiza ndi katoni mpaka zinadutsa. Usiku mtima umagunda mosalongosoka, kuthamanga kenako kukhala ngati waima, ndipo akatumba a m'miyendo amakokana mpaka kundidzutsa. Tsitsi likuthothoka, ndikapesa chipeso chimadzaza. Kumwezi ndachedwa. Ndayezetsa, si mimba.

Pali china chomwe sindinauzepo aliyense. Lachitatu madzulo ndikamamasula sinditha kudziletsa. Ndimayamba bwinobwino ndi masamba monga amatiuzira, koma ndikangolawa nsima, mitanda inayi imatha, kenako buledi wa majarini, kenako ndimapezeka ndaima m'khitchini ana atagona, ndikukomba m'mapoto. M'mawa sikelo yakwera ndi makilogalamu awiri, mtima nkumandiuza kuti ndiyambirenso kusala tsiku lomwelo.

Pakhomo wophika ndine ndemwe. Ndimatendera nkhwani, kukazinga usipa, kuomola nsima, kuwaikira patebulo, ine nkupita kuchipinda ndi kapu ya madzi otentha. Mwana wanga wamkazi wa zaka 11 wayamba kusiya nsima m'mbale. Dzulo nditamufunsa wandiyankha kuti, "Nanenso ndili pa fasting ngati amami." Mawu amenewo ndiwo andilembetsa pano.

Ndiye ndithandizeni. Dry fasting imeneyi ndiyese? Zomwe ndikumvazi ndi thupi kuzolowera, monga amanenera kugulu, kapena ndikudzipweteka? Ndipo ndikasiya, thupi lonse lija silibwerera? Chonde musandiuze kuti ndingokhutira ndi mmene ndilili. Mawondo amandiwawa pokwera masitepe a ku ofesi, ndipo mayi anga anatisiya ndi sitiroko ali ndi zaka 58. Thupili ndikufuna lichepe ndithu.

Namwino wopuma, Zomba, anayankha:

Mwana wanga, ndiyambe ndi chofulumira. Dry fasting imeneyo musayese. Ndiponso musadikire Lachitatu. Idyani lero, ndipo mawa m'mawa mupite ku kiliniki kumene mumatenga mankhwala anu.

Chomwe chandidzutsa pampando ndi HCT mwatchulayo. Dzina lake lonse ndi hydrochlorothiazide, ndipo amatsitsa BP pochotsa madzi ndi mchere m'thupi kudzera mumkodzo. Pamodzi ndi madziwo pamatulukanso sodium ndi potassium. Munthu amene akudya amabwezeretsa tsiku ndi tsiku osadziwa nkomwe, ndi nyemba, nthochi, mbatata, masamba. Inu mukutha masiku atatu osabwezeretsa kanthu pomwe piritsi likugwirabe ntchito yake. Kusala pakokhanso kumachititsa impso kutaya mchere ndi madzi ambiri masiku oyambirira. Potassium ndi amene amathandiza mtima kugunda mwadongosolo ndi minofu kukoka ndi kumasuka bwino. Akatumba okokana usiku ndi mtima wogunda mosalongosoka ndi zimene timaona potassium akatsika. Mdima wa m'maso mukadzuka ndi BP kugwa chifukwa madzi achepa m'mitsempha. Kumeneko si kuzolowera ayi. Tsono pamenepo muchotseponso madzi akumwa maola 48, m'kutentha kwa Okutobala? Impso zanu sizingapirire, ndipo mtima ukhoza kukuchitani chipongwe muli m'tulo.

Mukafika ku kiliniki muwauze zonse monga mwalembera pano, musachite manyazi. Muwapemphe akuyezeni BP mutagona kenako mutaimirira, ndiponso magazi: potassium, sodium, creatinine wa impso, shuga, ndi kuchuluka kwa magazi. Mankhwala musasiye nokha, makamaka ndi mbiri ya mayi anuyo. Osintha kapena kuchepetsa ndi amene akukuonani. Koma ngati usiku uno mungamve kupweteka pachifuwa, kubanika, kapena mungakomoke, musadikire kuti kuche, abambo akunyamuleni usiku womwewo.

Tsopano za Lachitatu madzulo. Ine ndinagwirako ntchito ku NRU, ku wodi ya ana onyentchera. Mwana ankabwera atatheratu, nthiti zili pamtunda, mayi ake nkumatichonderera kuti timupatse phala lodzaza mbale. Sitinkatero, ndipo amayi ena ankatiyesa ankhanza. Tinkayamba ndi mkaka wa F-75, pang'onopang'ono, maola awiri kapena atatu aliwonse, usana ndi usiku. Pakapita masiku mwana atakhazikika ndi pamene tinkapita pa F-100 kapena chiponde. Chifukwa chake nchakuti thupi lomwe lakhala ndi njala likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, makamaka nsima, buledi ndi zotsekemera, insulin imakwera msanga nkukokera phosphate, potassium ndi magnesium kuchoka m'magazi kulowa m'maselo. M'magazi mukatsala zochepa, mtima umasokonezeka. Madokotala amati refeeding syndrome. Kwa munthu wamkulu ngoziyi imakula akapitirira masiku 5 osadya, ndipo malangizo a bungwe la NICE ku Britain amatchula omwa mankhwala okodzetsa ngati anu pakati pa oyenera kusamala nawo. Inu simunafike masiku 5, koma mitanda inayi pa thupi lomwe mchere wake waperewera kale ndi njira yolowera komweko.

Choncho lero musadye modzilipira. Phikani phala la mgaiwa la nsinjiro, mbale yaing'ono, mudye ndi nthochi. Pakapita maola awiri, dzira lowiritsa ndi masamba othira mchere mwachizolowezi. Madzulo mtanda umodzi ndi nyemba. Madzi muzimwa.

Tsitsi lisakudetseni nkhawa kwambiri. Limathothoka patapita miyezi iwiri kapena itatu munthu ataonda mwachangu, ndipo limameranso thupi likayamba kupeza zokwanira. Msambo nawo ndi thupi kuimitsa zomwe lingathe kuimitsa poona kuti chakudya chasowa, koma muwauzebe ku kiliniki. China chomwe kugulu lanu sanakuuzeni ndi ndulu. Munthu akamatha nthawi yaitali osadya ndulu sikhuthula, ndipo akamaonda mothamanga, kuposa kilogalamu imodzi ndi theka pa sabata, m'ndulumo mumapangika timiyala. Mukadzamva ululu waukulu pansi pa nthiti kudzanja lamanja, makamaka mutadya zamafuta, mudzakumbukire mawu angawa.

Ndipo enanu amene mukuwerenga: ngati mumamwa mankhwala a shuga a glibenclamide kapena mumabaya insulin, kusala kotereku kukhoza kugwetsa shuga mpaka kukomoka. Oyembekezera ndi oyamwitsa, musayandikireko.

Wa kunyanja, Mangochi, anayankha:

Achemwali, za mankhwala anena kale amayi athuwa, ine ndilibe powonjezera. Ndingoyankhako pa dry fasting, chifukwa ndaonapo pa Facebook anthu ogulitsa maganizo amenewa akunena kuti Asilamu amatero mwezi wathunthu ndipo safa. Akutinamizira.

Pa Ramadan timasala kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, kuno kwathu maola ngati 13 kapena 14. Dzuwa likangolowa timamasula ndi madzi, timamwa phala, timadya futali ndi zina, ndipo kusanache timadzukanso kudya daku ndi kumwa madzi okwanira. Palibe tsiku ngakhale limodzi lomwe munthu amatha maola 24 osamwa. Kulumikiza masiku osamasula, Mtumiki, mtendere ukhale pa iye, anawaletsa omutsatira. Wodwala ndi wapaulendo amaloledwa kudya nkudzabweza masiku ena, ndipo woyembekezera kapena woyamwitsa amene akuopera moyo wake kapena wa mwana sakakamizidwa.

Ine ndimagula usipa kumadoko. Ramadan ikagwa nyengo yotentha, pofika 3 koloko milomo imakhala itang'ambika, lilime litauma gwa, ndipo apo nkuti ndinamwa madzi m'bandakucha womwewo. Maola 48 muli pa mankhwala okodzetsa, ayi achemwali, musatero. Ndiponso kusala kwathu si koondetsa. Makilogalamu awiri amene ena amataya amakhala atabwerera pasanathe mwezi Eid itadutsa.

Wophunzira za zakudya ku Bunda anayankha:

Asisi, pitani ku kiliniki monga anenera amayi. Ine nditenge funso lanu lachitatu, loti mukasiya thupi silibwerera, chifukwa ndikuona kuti ndi limene lakumangani.

Tiwerengere limodzi. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700. Mayi wa msinkhu ndi thupi lanu, wogwira ntchito yokhala pansi, amagwiritsa ntchito makalori ngati 2,000 mpaka 2,300 patsiku. Ndiye kuti tsiku lathunthu losadya kanthu silingachotse mafuta oposa magalamu 300. Masiku atatu safika nkomwe kilogalamu imodzi. Nanga makilogalamu amene sikelo imaonetsa kuti mwataya pofika Lachitatu amachokera kuti?

Thupi limasunga mphamvu pawiri, ngati ufa wa mu ndowa ya m'khitchini ndi chimanga cha m'nkhokwe. Njala ikabwera limayamba ndi wa mu ndowa, womwe ndi glycogen, shuga wosungidwa m'chiwindi ndi m'minofu, pafupifupi theka la kilogalamu. Galamu iliyonse ya glycogen imasungidwa ndi madzi ngati magalamu atatu, ndiye ikamatha madziwo amatuluka mumkodzo. Onjezanipo mchere womwe mukutaya ndi matumbo opanda kanthu, sikelo imatsika mokondweretsa. Mukadya Lachitatu zonsezo zimabwerera usiku umodzi. Makilogalamu awiri a Lachinayi m'mawawo si mafuta, palibe munthu angapange mafuta ochuluka choncho ndi chakudya cha usiku umodzi. Dry fasting ndiye bodza lenileni: chimene imachotsa mowonjezera ndi madzi okha.

Choipa nchakuti pa kusala kwa masiku, thupi limagumulanso minofu kuti lipange shuga wa ubongo. Minofu ikachepa mphamvu zimachepa, ndipo mawondo amene akukuwawaniwo amataya chowachirikiza.

Za Angus Barbieri ndi zoona, koma kuguluko amakuuzani theka. Anali ndi zaka 27, wolemera makilogalamu 207, ndipo anasala masiku 382 kuyambira 1965 mpaka 1966, nkutsika kufika pa 82. Nthawi yonseyo madokotala a ku Dundee ankamuyeza magazi ndi mkodzo, ankamupatsa mavitamini, ndipo nthawi ina anamuwonjezera potassium ndi sodium. Madzi, tiyi ndi khofi ankamwa mmene akufunira. M'zaka zomwezo odwala ena amene anaikidwa pa njira yomweyo anamwalira, ena pa nthawi yoyambiranso kudya, ndipo madokotala anaisiya. Admin wanu akukuyezani magazi kangati?

Akatswiri anayerekeza kale kusala ndi kungochepetsa chakudya tsiku lililonse. Ku Chicago, mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2017, anatsatira anthu 100 chaka chathunthu. Amene ankasala tsiku nkudya tsiku anataya pafupifupi 6 peresenti ya kulemera kwawo, ochepetsa tsiku lililonse pafupifupi 5 peresenti, kusiyana kosanunkha kanthu, ndipo amene anagwa ulesi nkusiyira panjira anachuluka ku gulu losala. Ku Guangzhou, China, mu kafukufuku wofalitsidwa mu 2022, anthu 139 anachepetsa chakudya mofanana kwa miyezi 12, theka la iwo nkumadya mkati mwa maola 8 okha. Awa anataya makilogalamu 8, enawo 6.3, ndipo ofufuzawo anapeza kuti kusiyanaku sikunali kokwanira kunena kuti njira ina yaposa inzake. Chimene chimaondetsa ndi kuchuluka kwa chomwe mwadya sabata yonse. Maola osadya amangothandiza anthu ena kuchepetsa.

Kukomba m'mapoto kuja musadziweruze nako. Mu 1944 ndi 1945 ku Minnesota, ku America, katswiri wina dzina lake Ancel Keys anatenga anyamata athanzi 36 odzipereka okha, nkuwapatsa pafupifupi theka la chakudya chawo kwa miyezi 6. Anayamba kulota chakudya, kusonkhanitsa mabuku ophikira, kunyambita mbale, ndipo ataloledwa kudya ena ankadya mpaka kudwala koma osamva kukhuta. Anali amuna opanda vuto lililonse la kadyedwe poyamba. Njala yokha ndiyo inawachititsa. Nchimodzimodzi inu, ndipo mankhwala ake ndi kudya nthawi zodziwika tsiku lililonse, osati kusala mowonjezera. Zikapitirira ngakhale mwayamba kudya bwino, muwauze a ku kiliniki, limenelo ndi vuto lothandizika.

Apa ndisiyaneko pang'ono ndi amene angati fasting yonse ndi yoipa. Kudya chamadzulo 6 koloko nkudzadyanso 8 koloko m'mawa ndi maola 14, ndipo agogo athu ambiri amakhala choncho osaitchula dzina. Kwa munthu amene samwa mankhwala a shuga zilibe vuto. Koma inu pakali pano, ndi zomwe zikuchitika Lachitatu, ndingakonde mudye katatu patsiku kaye mpaka thupi likhulupirire kuti chakudya chilipo. Theka la kilogalamu pa sabata ndi liwiro labwino. Ndipo dziwani kuti kutaya 5 mpaka 10 peresenti ya kulemera kumathandiza kale BP ndi shuga. Pa 94, pamenepo ndi pakati pa 85 ndi 89. Muli pomwepo kale. Ntchito yatsala ndi kuti mukhazikike pamenepo osadzivulaza.

Mayi wa ku Chilobwe anayankha:

Achemwali anga, ndawerenga mpaka pa mawu a mwana wanu, ndipo ndalephera kungodutsa.

Ine ndili pa ma ARV zaka zambiri, sindibisa. Atatisinthira ku mankhwala atsopano aja a TLD thupi linabwera lambiri, ndipo a ku kiliniki anandiuza kuti dolutegravir, amene ali mu TLD, amanenepetsa anthu ena, makamaka ife azimayi. Inu mukudziwa mmene kwathu kuno kulili. Ukanenepa amati banja lakuyanja, ukapitirira amayamba kukutcha mayina, ukaonda amanong'onezana kuti wayamba kudwala. Ine zonsezo ndinazimva ndi makutu angawa. Ndinalowa gulu ngati lanulo, la madzi a mandimu ndi kusala masiku. Tsiku lokatenga mankhwala namwino anaona milomo yanga youma, anandifunsa, ndipo nditamuuza anatseka chitseko nkundikhazika pansi. Anati mu piritsi lomwelo muli tenofovir, amene amadutsira ku impso, ndipo munthu womwa ameneyu sayenera kudziumitsa madzi. Ndikulemba izi chifukwa ndikudziwa kuti m'magulu amenewa muli anzanga ambiri a TLD omwe sanganene, ndipo admin safunsa kuti kodi alipo akumwa mankhwala.

Ine chimene chinandithandiza nchosasangalatsa kumva. Ndinasiya Fanta ndi Sobo, shuga wa mu tiyi ndinachoka pa masupuni atatu kufika pa imodzi, mandasi a pa 10 koloko ndinasinthanitsa ndi mtedza wokazinga wodzaza dzanja limodzi, ndipo pochoka kumsika ndimatsika minibasi patali nkuyenda wapansi kukwera mtunda wa kwathu. Thupi linatsika mochedwa moti anthu sanazindikire nkomwe kuti layamba liti, ndipo silinabwerere.

Za mwanayo, musamukalipire, musamuchititsenso manyazi pamaso pa bambo ake. Iye akungotsanzira munthu amene amamusirira. Khalani naye patebulo, akuoneni mukutema nsima nkudya bwinobwino. Sikelo ichoke pamalo poonekera, ndipo mawu oti "ndanenepa" kapena "ndadya zambiri" asamveke m'nyumba iye alipo. Pa zaka 11 thupi lake likukonzekera kutha msinkhu, akufunika kudya kokwanira. Ngati patatha milungu iwiri akusiyabe chakudya, kapena mwaona kuti akubisa, mupite naye kuchipatala.

Gululo tulukanimo. Mukangolitseka mawu muzidzasuzumirabe usiku.

Mayi wa ku Area 25 anayankhanso:

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Amayi a ku Zomba, ndinachita monga munanenera. Ndinadya phala tsiku lomwelo, ndipo m'mawa mwake ndinapempha chilolezo kuntchito nkupita ku kiliniki. BP nditagona inali 118/76, nditaimirira inagwa kufika 94/60. Potassium anapezeka 3.1, ndipo adokotala ati amayenera kukhala kuyambira 3.5 kupita m'mwamba. Andisinthira mankhwala a BP, andipatsa mapiritsi a potassium a masiku ochepa, ndipo ndikabwererenso pakatha milungu iwiri kukayezetsanso. Nditawauza za dry fasting anavula magalasi nkundiyang'ana nthawi yaitali osayankhula.

Kugulu ndatuluka. Mnzanga wa kuntchito uja wakhumudwa, akuti ndagonja patatsala pang'ono, koma ndamutumizira zomwe mwalemba pano chifukwa mayi ake ali ndi shuga ndipo nawonso ayamba kusala.

Sikelo ili pa 88. Achimwene a ku Bunda, ndikudziwa mwati ndi madzi, ndipo m'mutu ndavomereza, koma mumtima zikuwawabe. Kwa telala sindinabwerereko. Usiku wapitawu ndagona osadzutsidwa ndi miyendo. Mwana uja dzulo tinadya limodzi mpiru ndi matemba, anamaliza mbale yake, ngakhale ankangondiyang'ana m'manja kuti aone ngati ndikudyadi.

Pandivuta pawiri. Masana ku ofesi zomwe zimapezeka pafupi ndi chipisi, mpunga wa nkhuku yokazinga ndi mandasi, ndipo ndalama yogulira zakudya zapamwamba za mu shopu ndilibe. Madzulo bambo a ana safuna kumva za mgaiwa, amati nsima ndi ya ufa woyera, ndipo kuphika miphika iwiri makala ake akudula. Ndizinyamula chiyani, ndipo madzulo ndizitani?

Namwino wopuma, Zomba, anayankhanso:

Mwachita bwino mwana wanga. Potassium wa 3.1 si wosewera naye, mapiritsiwo mumalize ndipo tsiku lobwerera lisakuphonyeni. Mufunsenso dzina la mankhwala atsopanowo mulilembe, chifukwa ena a BP amasunga potassium m'malo mochotsa, ndiye ndi bwino muzidziwa amene mukumwa.

Za masana, phikani ndiwo zamadzulo zochulukirako mupatule zanu mu kontena musanaike patebulo. Nyemba, nandolo, khobwe, usipa, soya kapena mazira awiri, masamba odzaza theka la kontena, ndi mbatata yowiritsa imodzi kapena maungu. Pa 10 koloko nthochi kapena mtedza. Mango ayamba kupsa, idyani limodzi kapena awiri, osati beseni.

Madzulo musavutike ndi miphika iwiri. Idyani nsima yomweyo ya abambo, koma muomole mtanda wanu waung'ono, wofanana ndi chibakera chanu, ndipo muyambe ndi ndiwo. Ngati mukufuna mgaiwa ulowe m'nyumba, sakanizani kapu imodzi mu ufa woyera makapu atatu, muziwonjezera pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni, osathira kuchokera m'botolo, ndipo mchere ndi timakyubu tokometsera ndiwo muchepetse chifukwa cha BP. Chizungulire chikatheratu muyambe kuyenda mphindi 30 dzuwa litapepa. Sikelo kamodzi pa sabata, m'mawa, tsiku lomwelomwelo. Kwa telala mupite kumayambiriro kwa Disembala, nokha, akayezenso.